Anandiika pa CRB chifukwa cha ngongole imene ndinabweza

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya munthu payekha kuno ku Lusaka. Kwathu ndi ku Katete, koma mumzinda muno ndakhalamo kuyambira 2013, chaka chimene boma linachotsa maziro atatu pa kwacha. Nkhani iyi ndinayamba kuifotokoza pakamwa ku Chigwirizano cha amayi a kumpingo, ndipo titaweruka amayi atatu ananditsatira panja, aliyense payekha, n'kundinong'oneza kuti nawonso zinawaonekera. Mmodzi anali asanawauze n'komwe amuna ake. N'chifukwa chake ndati ndiilembe.

Kumayambiriro kwa 2023, ine, amuna anga ndi ana athu atatu tinasowa pogona. Ntchito ndinali nayo, malipiro ankabwera mwezi ndi mwezi, lendi ndinali ndisanadumphitsepo. Chinatisowetsa nyumba ndi kompyuta ina imene ndinali ndisanaionepo, mmene munalembedwa kuti ndine munthu wosabweza ngongole.

Tinkakhala ku Avondale, chakufupi ndi msewu wa Twin Palm, m'kanyumba kakumbuyo kwa agogo ena awiri opuma pa ntchito. Kanali kochepa, zipinda ziwiri ndi kakhitchini koti wina akalowa ndi poto mnzake adikire panja. Koma madzi ankatuluka, ana ankapita kusukulu wapansi, ndipo amuna anga, amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo ku Chelstone, ankafika ku ntchito dzuwa lisanayambe kuwawa. Agogo aamuna anali munthu wandondomeko. Anali ndi buku lobiriwira lachikuto cholimba limene analijambula mizere ndi lula: tsiku, mwezi, ndalama, siginecha yawo, siginecha yanga. Ndikapita ndi lendi ankavala magalasi, n'kuwerenga ndalamazo kawiri, n'kulemba, kenako n'kunditembenuzira bukulo kuti ndisaine. Ndikachedwa ndi masiku awiri ankalemba m'mbali ndi cholembera chofiira kuti "anapepesa". Kunyumba tinkaseka nazo.

Mu 2019 tinapeza puloti kupitirira Silverest, polowera ku Chongwe. Makanika alibe peyisilipi, choncho chilichonse chofuna mapepala m'banja mwathu chimadzera pa dzina langa. Ndinatenga K35,000 ku kampani ina yobwereketsa ndalama, pa mgwirizano wakuti sukulu izidula K1,600 pa malipiro anga mwezi uliwonse kwa zaka zitatu, n'kumatumiza yokha. Njira imeneyi obwereketsa amaikonda chifukwa ndalama imadulidwa isanafike m'manja mwako, ndipo nanenso ndinaikonda. Ndinkati chosachigwira sungachidye.

Kenako kunadza COVID-19. Mu Malichi 2020 boma linatseka masukulu onse, ndipo makolo anasiya kulipira fizi. Sukulu ngati yathu imapuma ndi fizi basi. Malipiro anayamba kubwera mochedwa, mwezi wina theka, koma pa peyisilipi mzere wa ngongole uja sunasowepo: K1,600, yadulidwa. Mu Novembala chaka chomwecho tinamva pa wailesi kuti dziko lathu lalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja pa ngongole ya Eurobond, ndipo mabungwe akunja opima kudalirika kwa maiko atsitsa dzina la Zambia mpaka pansi. Tinkaikambirana nkhaniyo pa nthawi ya tiyi, tikupukusa mitu chifukwa cha andale, ine osadziwa kuti miyezi yomweyo langanso likutsika. Mu 2022 mzere uja unachoka pa peyisilipi, ndipo tinapha nkhuku kuti ngongole yatha.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho agogo aamuna anatisiya. Agogo aakazi anatengedwa ndi mwana wawo wamkazi, ndipo ana anagwirizana zogulitsa nyumba. Sindiwadandaula, anatipatsa miyezi itatu, ndipo buku lobiriwira lija anandipatsa kuti, "Ili ndi lanu, amayi, ife tilibe nalo ntchito."

Amene anasakapo nyumba mu Lusaka akudziwa mmene zimakhalira. Ajenti amafuna ya kuonetsa nyumba usanaione n'komwe, ndipo ena amakuzungulitsa m'nyumba zimene zinatengedwa kale. Eni nyumba ambiri a kuno sadziwa za CRB, bungwe losunga mbiri ya ngongole, ndipo safuna kuzidziwa. Amakuima pageti n'kukuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ba madam, musebenza kuti? Bana bali bangati? Ba husband bachita chani?" Ukayankha bwino, pamabwera nkhani yeniyeni: lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, chikole cha mwezi umodzi, ndi theka la lendi la ajenti. Lamulo la lendi la dziko lino sililola mwini nyumba kulandiriratu ndalama yopitirira miyezi iwiri popanda chilolezo cha khoti, koma ukalitchula pageti, amene ali kumbuyo kwako ndiye amatenga makiyi. Nyumba imene tinaikonda inali ya K4,500 pamwezi. Kuti tingolowamo pankafunika ndalama yoposa K20,000.

Ndalama yotere mphunzitsi sakhala nayo m'chikwama. Ndinapita ku banki kumene malipiro anga amadzera kukapempha ngongole yaing'ono, ndili ndi mtima wakuti mawa lake ndikalipira nyumba. Mtsikana amene ankandithandiza analemba nambala ya chiphaso changa cha NRC, n'kukhala chete kanthawi, n'kuilembanso. Kenako anatsitsa mawu.

"Amayi, pepani, apa sitingathe. Muli pa CRB. Pali ngongole imene yapitirira kutali masiku 90 osalipidwa."

"Asisi, onaninso bwino. Ine ngongole ndinamaliza chaka chatha."

Anandiuza dzina la kampani ndi ndalama imene inkaoneka kuti yatsala: yoposa K29,000. Miyendo inachita dzanzi. Ndinatuluka m'bankimo n'kukakwera basi ku Kulima Tower, ndipo ndinadzazindikira tadutsa kale Munali kuti chenji sindinalandire.

Pano ndifotokoze chimene ndinadzamva pambuyo pake, chifukwa anthu ambiri amaiopa CRB ngati ndende pomwe sadziwa kuti imagwira bwanji. Bungwe losunga mbiri ya ngongole kuno linalandira chilolezo ku Bank of Zambia mu 2006 ndi dzina lakuti Credit Reference Bureau Africa, ndipo masiku ano limadziwika kuti TransUnion. Silibwereketsa ndalama ndipo silitolera ngongole. Mabanki ndi makampani obwereketsa ndi amene amalitumizira zimene zili m'mabuku awo: wakuti anatenga zingati, amabweza bwanji, wachedwa masiku angati. Aliyense amene anabwerekapo m'njira zovomerezeka alimo, wobweza bwino ndi wosabweza yemwe. Kuchokera m'zimenezo kompyuta imawerengera nambala imodzi, monga mmene ife aphunzitsi timaphatikizira mayeso a teremu yonse n'kulemba malikisi pa lipoti la mwana. Koma mwana amaona pepala lake, ndipo ukalakwitsa kuwonkhetsa amabwera akulira tsiku lomwelo. Ine ndinali nditalephera kalekale mayeso amene sindinkadziwa kuti ndikulemba.

Nkhonya yachiwiri inabwera ku mafulati ena a mumpanda amene amayang'aniridwa ndi kampani yoona za nyumba. Kumeneko ankalola kulipira mwezi ndi mwezi, ndiye ndinati mwina njira ndi imeneyi. Koma ofesi ikasiya kufuna ndalama zambiri kutsogolo, imafuna mapepala ambiri: NRC, mapeyisilipi, sitetimenti ya ku banki, kalata ya abwana, ndiponso lipoti la ngongole loti ubweretse wekha. Ndinafotokoza zonse mosabisa, ndinaikanso buku la agogo patebulo. Mnyamata wa muofesimo analitsegula mwaulemu, n'kulitseka, n'kunena kuti pa fomu yawo palibe malo olembapo zimenezo. Anati andiimbira. Mpaka lero.

Apa ndi pamene zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka pano ndimati pali kusalungama. Lendi ndiyo ndalama yaikulu imene banja la mu Lusaka limalipira mokhulupirika, lisanagule ngakhale ufa. Zaka zonse zimene ndinalipira agogo aja sizinawonjezere kanthu pa dzina langa, koma miyezi imene wina anasunga ndalama yanga inalembedwa yonse, tsiku ndi tsiku. Msuweni wanga amene ali ku Johannesburg anandiuza kuti kumeneko kuli bungwe lotchedwa TPN limene limasunga mbiri ya mmene anthu amalipirira lendi, moti wolipira bwino amanyamula mbiri yake popita kwa mwini nyumba wina. Ku America nambala ya FICO, imene imayambira pa 300 kufika 850, eni nyumba ambiri amaiona asanapereke makiyi. Kuno tikulowera komweko pang'onopang'ono, koma tayamba ndi mbali yolanga yokha.

Kumapeto kwa Malichi tinatuluka m'kanyumba kaja mvula yomaliza ikuwaza. Alamu anga a ku Chainda anatipatsa chipinda chimodzi. Sofa ndi firiji zinakasungidwa m'galaja ya mayi wina wa kumpingo, mabuku anga analowa m'matumba a ufa. Tinkagona anthu asanu, ife pamatiresi, ana pansi mopingasa, ndipo m'mawa ndinkasitira diresi pa sutikesi kuti ndikaime pamaso pa ana a anthu olemera ngati palibe chachitika. Mwana wathu woyamba, amene anali mu Giredi 7, anandipempha kuti ndisamauze anzake kumene tikukhala. Ankatsika dala pa siteji ya ku Avondale n'kumaliza ulendo wapansi.

Wa kaloba, wobwereketsa ndalama mwa katapila, tinamupeza mosavuta, amenewo safunsa za CRB. Anati atipatsa K10,000 kuti kumapeto kwa mwezi tibweze K15,000, ndipo asunge khadi langa la ku banki pamodzi ndi firiji. Amuna anga anali atatopa ndi manyazi okhala kwa achimwene awo. "Amake mwana, tingotenga, zinazo tikaonera konko," anatero. Usiku umenewo tinakangana monong'ona kuopa kudzutsa ana ndi eni nyumba, ndipo m'banja mwathu mawu owawa ngati a tsiku limenelo anali asanatulukepo. Tinagwirizana zodikira sabata imodzi.

Ndimakhulupirira kuti Mulungu anagwira ntchito m'sabata imeneyo, ndipo anadzera mwa munthu. Mayi amene ankatisungira sofa uja anali atapuma pa ntchito ya ku banki. Nditamuuza zonse sananditonthoze n'komwe. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, mapeyisilipi muli nawo?" Ndinali nawo onse, m'chitini cha mabisiketi. Anandiuza za lamulo la Credit Reporting Act la 2018, lakuti munthu ali ndi ufulu woona zimene zinalembedwa za iye, kulandira lipoti lake kwaulere kamodzi pachaka, ndi kutsutsa zimene zili zabodza. Anandichenjezanso zinthu ziwiri. Choyamba, ndisiye kuyendayenda m'makampani kupempha ngongole, chifukwa aliyense akafufuza dzina lako zimalembedwa, ndipo ukachulutsa umaoneka ngati munthu amene madzi afika m'khosi. Chachiwiri, ndisapatse ndalama aliyense wonena kuti ali ndi mnzake mkati amene angafufute dzina langa. A bungwe lija sangasinthe kanthu pa okha, amayamba afunsa amene anatumiza nkhaniyo.

Choncho ndinapita kwa ondibwereketsa kukapempha sitetimenti ya ngongole yonse kuyambira tsiku loyamba. Usiku ndinayala mapepala pamphasa, amuna anga atagwira tochi ya foni, kumanzere mapeyisilipi, kumanja sitetimenti. Tinkayenda ndi chala mwezi ndi mwezi. Malichi 2020: yadulidwa, yafika. Epulo: yadulidwa, sinafike. Meyi chimodzimodzi. Inapezeka miyezi 11 yotere, ina mu 2020, ina mu 2021, ndalama yokwana K17,600. Yotsalayo pa K29,000 ija inali chiwongoladzanja ndi chilango chimene chinkabereka mwakachetechete. Makalata okumbutsa ankapita ku ofesi ya zachuma ya pasukulu, ndipo ankathera m'dilowa.

Kupeza cholakwa kunali kosavuta poyerekeza ndi kukachinena. Amene anasunga ndalama yanga ndi amenenso amandilipira, ndipo aphunzitsi osowa ntchito mu Lusaka ndi ambiri. Ndinayamba kufunsa anzanga mosamala, ndipo anapezeka ena anayi amene anali ndi ngongole yodulidwa pa malipiro. Atakatenga masitetimenti awo, onse anapeza mipata pa miyezi yomweyo. Nkhani yotere si ya masukulu a anthu okha ayi, ngakhale mabungwe a ogwira ntchito m'boma anaidandaulapo m'manyuzipepala zaka zapitazo. Tinalowa muofesi ya mwini sukulu tonse asanu, aliyense ndi faelo yake.

Sanakane. Anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Madamu, mukanakonda nditseke sukulu? Ndalama imeneyo ndi imene ndinkakulipirani nayo theka lija." Ndinamumvetsa, ndipo sindinganene kuti ndi munthu woipa mtima, chifukwa masukulu ena anachotsa aphunzitsi nthawi imeneyo pomwe iye sanachotse ndi mmodzi yemwe. Koma ndinamuyankha kuti, "Bwana, mukanatiuza. Munabwereka pa dzina langa osandipempha, ndipo ana anga akugona pansi." Mnzathu wina anatchula za ofesi ya zantchito. Pamapeto pake analemba kalata yokhala ndi chidindo, yovomereza kuti ndalama zinadulidwa koma sizinatumizidwe, ndipo analonjeza kuzilipira m'magawo.

Kalata imeneyo ndi imene inatsegula zitseko. Ndinaipereka kwa ondibwereketsa pamodzi ndi mapeyisilipi ojambulitsa, ndinakalembetsanso dandaulo ku bungwe losunga mbiri ya ngongole. Pa nkhani ya chilango tinakokanakokana, mpaka ndinalemba kuti ngati sitimvana ndikadandaula ku Bank of Zambia, imene imayang'anira makampani onse otere. Anachichotsa. Sukulu italipira gawo lomaliza, anandipatsa kalata yakuti ndilibe nawo ngongole, ndipo patapita masabata angapo lipoti langa linasintha. Sizinachitike tsiku limodzi, ndipo aliyense wokuuzani kuti zimatheka tsiku limodzi akufuna ndalama yanu.

Koma ana sakanadikira zonsezi ali pansi m'nyengo yozizira. Mu Epulo 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola anthu kutapako 20 pa 100 ya ndalama zawo za penshoni za ku NAPSA asanapume pa ntchito, malinga ngati anaperekapo miyezi 60 kapena afika zaka 45. Nditafufuza zanga ndinapeza kuti nakonso kuli miyezi imene sinatumizidwe, koma yotsalayo inakwana. Sindinasangalale potenga ndalama imeneyo. Ndi ya ukalamba wanga, ndipo inapita kukatseka dzenje limene sindinakumbe. Komabe ndi imene inatipulumutsa kwa wa kaloba.

Nyumba tinaipeza ku Avondale konko, kwa mayi wina wamasiye amene sagwiritsa ntchito ajenti. Anatifunsa mafunso ake onse pakhonde, kenako ndinamupatsa buku la agogo. Analiika pamiyendo n'kuyamba kulitsegula tsamba ndi tsamba, akunyowetsa chala ndi malovu. Atafika pa mawu ofiira aja anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mdala ameneyu anali wovuta," anatero. "Ngati munakhala naye zaka zonsezi, kwa ine mukhala." Anatilola kulipira miyezi iwiri yokha.

Za puloti ija ndinene mwachidule, chifukwa ndi kumene dzina limalemera koposa. Wofuna ngongole yomangira nyumba, kaya ku banki kaya ku Zambia National Building Society imene inakhazikitsidwa mu 1970, amafunika taitolo yochokera ku Unduna wa za Malo, pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, ndalama ya wopima mtengo wa malo, ya inshuwaransi ndi ya loya. Koma zonsezi zisanayambe amaona kaye lipoti lija, ndipo likakhala lodetsedwa taitolo yako ya zaka 99 siyankhula kanthu. Likakhala loyera, limathandizanso pa kuchuluka kwa ndalama imene angakupatse. Ine ndinapempha chakumapeto kwa 2024, nthawi imene Bank of Zambia inali itakweza chiwongoladzanja chake kufika 14 pa 100, ndipo cha m'mabanki chinali pamwamba pa 20. Nditawerengera ngongole ya nyumba yonse ndinaona kuti pomaliza ndidzakhala nditalipira nyumba ziwiri. Makoma tinali titakweza kale pang'onopang'ono ndi ndalama ya chilimba ndi ya umakanika wa amuna anga, choncho ndinangotenga ya denga. Anandipatsa popanda funso lachiwiri. Ndinauza a banki kuti azidula okha pa akaunti yanga malipiro akalowa, isamadzerenso pasukulu. Denga lili pamwamba, mawindo ndi zitseko sizinalowe, ndipo tikadali pa lendi.

Ndikuthokoza Mulungu, alamu anga amene anatisunga osatiwerengera nsima, ndi mayi uja amene anandifunsa za mapeyisilipi m'malo mondiuza kuti ndilimbe mtima.

Kwa eni nyumba ndikupempha kuti muzilemba malisiti, ngakhale m'kope la ana asukulu, chifukwa wolipira bwino alibe umboni wina. Kwa a Bank of Zambia ndi opanga malamulo, pezani njira yoti lendi yolipidwa mokhulupirika iziwerengedwa pa dzina la munthu, ndiponso kuti wobwereketsa azimuuza mwini ngongole maso ndi maso asanamulembe kuti sakubweza. Abale a ku Malawi musaone ngati za kutali, kwanunso lamulo la mabungwe otere lilipo kuyambira 2010. Ndipo inu amene muli ndi ngongole yodulidwa pa malipiro, peyisilipi imangonena kuti ndalama yachoka kwa inu, sinena kuti yafika. Mwezi uno pitani kwa amene anakubwereketsani mukatenge sitetimenti, mukatengenso lipoti lanu la CRB, musanafike posowa nyumba.